Combo coperekeza: HMS Nyasaland ndi makolo athu amene anaoloka nyanja

Kuno ku Malambo palibe amene afunika kumuphunzitsa tanthauzo la kuperekeza. Mlendo akatsazika dzuwa litapendeka, sitimusiya apite yekha. Timamufikitsa kuseri kwa nkhalango imene njovu zimakonda kuima. Ana a sukulu ocokera kutali amadikirana kuti ayende pamodzi. Alendo odzaona nyama akamayenda pansi mu paki, patsogolo pao pamakhala sikauti wa mfuti, ndipo tsiku limene iye wagwira bwino nchito ndi tsiku limene onse abwerera kumsasa ali amoyo. Akulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Lero, awerengi okondedwa, tifuna tikambe za woperekeza wina amene ambiri a ife sitinamuonepo, cifukwa anali wa citsulo ndipo anali kuyenda pa nyanja ya mcere. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, Angerezi ndi Aamereka anapanga zombo mazanamazana zimene nchito yake inali imodzi cabe: kuperekeza zombo zinzake zonyamula cakudya, katundu ndi asilikali. Cimodzi mwa zombozo cinapatsidwa dzina la dziko la anansi athu, HMS Nyasaland.

Nanga ife za zombo zitikhudza bwanji?

Wina angafunse kuti, ife a ku Jumbe, Msoro, Kakumbi, Mnkhanya, Malama ndi Nsefu, amene madzi aakulu amene tidziwa ndi Luangwa ndi Lupande, tiri nazo ciani zombo za nkhondo? Yankho liri pa maina a misasa ya asilikali a dziko lathu. Ku Chipata kuli Gondar, ku Ndola kuli Tug Argan ndi Kalewa, ku Kabwe kuli Chindwin, ku Lusaka kuli Arakan. Maina amenewa si Cinyanja, si Cikunda, si Cibemba. Ndi malo a nkhondo a ku Somaliland, Ethiopia ndi Burma, dziko limene lero lichedwa Myanmar.

Gulu la asilikali la Northern Rhodesia Regiment linatenga anyamata m'midzi ya dziko lino, kuphatikizapo ya m'cigawo ca Fort Jameson, imene ndi Chipata ya lero. Mu August 1940 anyamata amenewa anamenyana ndi Ataliyana pa Tug Argan, ndipo pamene Angerezi anapanikizika, anawakweza m'zombo pa doko la Berbera n'kuwaolotsera ku Aden. Pambuyo pake asilikali a m'maiko a kuno anatumizidwa ku Madagascar, ku Ceylon, imene lero ndi Sri Lanka, ndi ku Burma. Kucokera pa doko la Mombasa kukafika ku Colombo ndi makilomita oposa 4,000 a madzi okhaokha. Mnyamata amene anali atakwerapo bwato la mtengo lokha anapezeka masiku ambiri pakati pa nyanja yopanda tsidya.

Si anthu okha. Mkuwa wa ku migodi ya Nkana, Mufulira, Roan Antelope ndi Nchanga unali kutsika ndi njanji mpaka ku doko la Beira, n'kukwezedwa m'zombo kupita ku Britain kukapangira zipolopolo ndi mawaya. Motero thukuta ndi magazi a dziko lino zinayenda pa nyanja, ndipo pa nyanjapo panali ng'ona.

Ng'ona ya citsulo

Ng'ona imene tikunenayi ndi sitima yoyenda pansi pa madzi. Ajeremani anali kuicha U-boat. Mofanana ndi ng'ona ya pa doko lotungira madzi, inali kubisala, kudikira, n'kugwira mwadzidzidzi. Mano ake anali bomba lalitali lochedwa torpedo, limene limadziyendetsa lokha m'madzi n'kukaphulika pa mimba ya combo. Mkulu wao, Karl Dönitz, anazilamula kusaka pagulu ngati mimbulu: imodzi ikaona zombo, inali kuitana zinzake pa wailesi, ndipo usiku zinali kuukira pamodzi.

Britain ndi cisumbu, ndipo cakudya cake cambiri ndi mafuta zinali kubwera pa zombo. M'caka ca 1942 cokha sitima za pansi pa madzi zinamiza zombo za katundu zoposa 1,000. Ngoziyo inafika ndi kufupi ndi ife. Mu June ndi July 1942 sitima za Ajapani zinamiza zombo za katundu pakati pa Mozambique ndi Madagascar, m'njira yomweyo imene zombo za ku Beira zinali kudutsa.

Mankhwala ake anali amene makolo athu anali kudziwa kale pamene anali kuyenda pansi kupita ku Walale kukafuna nchito: osayenda wekha. Zombo za katundu zinali kusonkhanitsidwa 30, 40 kapena kuposapo, n'kuyenda m'mizere pa liwiro limodzi. Ulendo wotere Angerezi amaucha convoy. M'mbali mwake, kutsogolo ndi kumbuyo, munali kuyenda zombo zazing'ono za mfuti, ngati abusa ozungulira ng'ombe. Bvuto linali lakuti abusawo anali ocepa kwambiri.

Mmene anapangira woperekeza

Combo cacikulu ca nkhondo cimadya ndalama zambiri ndipo cimatenga zaka kuti cithe. Angerezi analibe nthawi imeneyo. Iwo anafuna combo cochipa, cosabvuta kumanga, cimene ngakhale malo omangira zombo za asodzi angathe kupanga. Katswiri wina dzina lake William Reed, wa kampani ya Smith's Dock kufupi ndi Middlesbrough, anatenga maonekedwe a combo cosakira anamgumi cochedwa Southern Pride, n'kucitalikitsa ndi kuikamo mfuti. Umu ndi mmene munabadwira zombo za mtundu wa corvette zimene anazipatsa maina a maluwa.

Zombo za maluwazi zinagwira nchito yaikulu, koma zinali ndi zilema. Utali wake unali mamita 62 cabe, injini inali imodzi, ndipo liwiro lake linali kuthera pa makilomita 30 pa ola. U-boat ikakhala pamwamba pa madzi inali kuthamanga kuposa pamenepo pang'ono, kotero mbusa sanali kutha kupirikitsa mmbulu. Kamba ka kufupika, zinali kugwedezeka koopsa pa mafunde. Anthu ake anali kukhala onyowa, osanza ndi osagona masabata athunthu. Mlonda wotopa ndi wanjala saona bwino, monga adziwa aliyense amene anacezerapo m'munda kulondera cimanga.

William Reed yemweyo anakonzanso combo cina cacitali, ca mamita ngati 92, ca mainjini awiri, cothamanga makilomita 37 pa ola ndiponso conyamula mafuta okwanira ulendo wautali. Mtundu umenewu anaucha frigate, ndipo zombo zake anazipatsa maina a mitsinje. Zinapangidwa 151. Aamereka ataziona anazikonda, ndipo kampani ya Gibbs & Cox inasintha pulani yake kuti igwirizane ndi kamangidwe ka kwao. Ku Britain zitsulo za combo anali kuzilumikiza ndi misomali yootcha pamoto, nchito yocedwa yofuna amisiri ozolowera. Ku Amereka anali kuziocherera, ndipo zigawo zikuluzikulu anali kuzipangiratu padera n'kudzazilumikiza pamodzi. Mwa njira imeneyi anamanga zombo 96.

Mwa zombo 96 zimenezi, 21 zinabwerekedwa kwa Angerezi pa pangano lochedwa Lend-Lease. Angerezi anazipatsa maina a maiko amene anali pansi pa ulamuliro wao, monga Zanzibar, Seychelles, Somaliland, Barbados, Papua ndi Nyasaland. Dzina la Northern Rhodesia silinalowe pa mndandandawo.

Kulowa m'kati mwa Nyasaland

HMS Nyasaland inamangidwa ndi kampani ya Walsh-Kaiser mu mzinda wa Providence, ku Rhode Island. Citsulo coyamba cinaikidwa pa 7 September 1943, ndipo pa 6 October 1943 comboco cinatsetserekera m'madzi. Taganizani, mwezi umodzi wokha, nthawi imene ife sitingathe n'kuumba ndi kuocha nchelwa za nyumba imodzi. Kuika mainjini, mfuti ndi zipangizo zina kunatenga nthawi yaitali, ndipo Angerezi anacilandira pa 31 July 1944. Poyamba cinali citapatsidwa dzina lakuti Hoste, koma anacisintha.

Utali wake unali pafupifupi mamita 93, kutsala pang'ono kufanana ndi bwalo la mpira, koma m'mimba mwake munali mamita 11 ndi theka cabe. Mainjini ake anali a nthunzi, a mtundu wakale umene zombo za katundu zinali kugwiritsa nchito. Anasankha dala mainjini otere cifukwa anali osabvuta kupanga, ndipo amakanika wamba anali kuwadziwa. Alimi amvetsa bwino nzeru imeneyi: ngolo ya ng'ombe imene mungaikonze pa mudzi iposa thirakitala imene ziwiya zake mufunika kuitanitsa ku Lusaka. Pamwamba pake panali mfuti zikuluzikulu zitatu ndi zina zazing'ono zoombera ndege.

Koma zida zake zenizeni sizinali mfuti. Coyamba cinali khutu. Pansi pa combo panali makina ochedwa ASDIC, amene anali kuponya mau akuthwa m'madzi. Mauwo akagunda citsulo anali kubwerera, monga mmene mleme umadziwira khoma mumdima. Munthu wobvala zomvera m'makutu anali kukhala maola ambiri akumvetsera, ndipo anafunika kusiyanitsa sitima ya adani, gulu la nsomba, mwala ndi combo cakale comira. Moyo wa anthu mazana unali kudalira khutu la mnyamata mmodzi ameneyo. Panalinso radar, yoona zinthu za pamwamba pa madzi usiku ndi m'nkhungu.

Caciwiri cinali mabomba ooneka ngati migolo. Anali kuwagubuduzira m'madzi kumbuyo kwa combo kapena kuwaponya m'mbali, atawachera kuti aphulike akafika pa kuya kwakutikwakuti. Bvuto lake linali lakuti combo cikafika pamwamba penipeni pa mdani, khutu lija linali kugontha, ndipo mdani anali kupeza mpata wokhota n'kuthawa. Pofuna kutseka mpata umenewu anapanga cida cacitatu, Hedgehog, kutanthauza kanungu, cifukwa mitengo yake yoikapo mabomba inali kuimirira ngati minga. Cinali kuponya mabomba ang'onoang'ono 24 nthawi imodzi kutsogolo, pa mtunda wa mamita oposa 200, khutu likali kumva. Mabombawo anali kuphulika pokhapokha akagunda citsulo.

Zombo za mtundu umenewu sizinali zangwiro. Mphepo sinali kulowa bwino m'kati, kotero m'maiko otentha munali ngati m'ng'anjo. Pokhota zinali kufuna malo aakulu kuposa zinzake za ku Britain, ndipo m'nyanja zozizira kwambiri zitsulo zoocherera zija nthawi zina zinali kung'aluka. Cinthu copangidwa mofulumira cimakhala ndi zipsera zake. Komabe zinafika pa nthawi imene zinali kufunika.

Nchito yake pa nkhondo

Pamene Nyasaland inali kuyamba nchito, nkhondo ya pa nyanja ya Atlantic inali itatembenuka kale. Mu May 1943 Ajeremani anataya sitima za pansi pa madzi zoposa 40 m'mwezi umodzi, ndipo Dönitz anabweza magulu ake. Koma ng'ona yolasidwa ndiyo yoopsa. Pofika kumapeto kwa 1944 Ajeremani anaika pa sitima zao mpope wopumira, wotulukira pamwamba pa madzi ngati mphuno za mvuu. Ndi mpope umenewu zinali kukhala pansi masabata ambiri, n'kumabisala kufupi ndi magombe a Britain ndi Ireland, pa njira zimene zombo zonse zinali kudzera polowa m'madoko.

Kumeneko, m'madzi ozizira a kumpoto, ndi kumene Nyasaland inagwira nchito yake ndi amalinyero a Royal Navy. Pa 17 December 1944, kum'mwera kwa Cork ku Ireland, inamva mdani pansi n'kumuponyera mabomba a migolo. Kwa zaka zambiri anthu anali kukhulupirira kuti imene inamira tsikulo ndi U-400. Koma pambuyo pake mabwinja a U-400 anapezeka pansi pa nyanja kufupi ndi Cornwall, kumene inagunda bomba lochera, ndipo ofufuza mbiri tsopano amati Nyasaland inamiza U-772. Pa 4 February 1945, pamodzi ndi zinzake zitatu, Loch Scavaig, Loch Shin ndi Papua, inamiza U-1014 kumpoto kwa Ireland. M'sitima ziwirizi simunapulumuke munthu ndi mmodzi yemwe. Naonso anali ana a anthu, ambiri a iwo anyamata ang'onoang'ono.

Masiku awiri amenewa ndiwo analembedwa m'mabuku. Masiku ena onse anali a kuzizira, kugwedezeka ndi kumvetsera madzi opanda kanthu. Nkhondo ya ku Ulaya itatha mu May 1945, nchito ya comboco inathanso. Cinabwezedwa kwa Aamereka mu April 1946, ndipo mu 1947 cinagulitsidwa kuti ciphwanyidwe zitsulo. Kucokera pa kumangidwa mpaka pa kugulitsidwa panapita zaka zinai cabe.

Tsiku limene ng'ona inalowa m'khola

Kuti timvetse kufunika kwa woperekeza, tibwerere ku nyanja imene anthu a kuno anaoloka, ya Indian Ocean. Pa 5 February 1944 zombo zisanu zonyamula asilikali zinanyamuka pa Mombasa kupita ku Colombo. Cimodzi cinali Khedive Ismail, cimene cinanyamula anthu 1,511. Mwa iwo, 996 anali a gulu la mizinga la asilikali a ku East Africa, ndipo munalinso anamwino acikazi oposa 50.

Pa 12 February masana, kufupi ndi zisumbu za Maldives, ulendowo unali kuperekezedwa ndi combo cacikulu Hawkins ndi zombo ziwiri zothamanga, Petard ndi Paladin. Sitima ya Ajapani yochedwa I-27 inazembera alondawo n'kuponya ma torpedo. Awiri anagunda Khedive Ismail, ndipo comboco cinamira m'mphindi zosapitirira zitatu. Ambiri amene anali m'zipinda za pansi sanapeze n'komwe makwerero.

Cimene cinatsatira n'cowawa kucinena. Sitima ya Ajapani ija inakabisala pansi pa malo amene opulumuka anali kuyandama. Mkulu wa Petard anali ndi njira ziwiri. Akaleka kuponya mabomba, mdani adzathawa n'kukamiza zombo zinai zotsala, zodzaza ndi asilikali. Akaponya, adzapha ena mwa anthu amene anatumidwa kudzawasunga. Lamulo la nkhondo linali lakuti mdani ayambe wathetsedwa, ndipo iye anaponya. I-27 inakakamizika kutulukira pamwamba. Paladin inaonongeka pogundana nayo, ndipo Petard inaimaliza ndi torpedo yacisanu ndi ciwiri. Zombo zinai zija zinafika ku Colombo. Koma pa Khedive Ismail panafa anthu 1,297, mwa iwo akazi 77. Opulumuka anali 214 cabe.

Sitifuna kukhala oweruza a munthu amene anaima pa malo otero. Cimene tiona n'cakuti zombo zisanu zodzaza ndi anthu zinali ndi zombo ziwiri zokha zotha kusaka mdani wa pansi pa madzi. Mpanda ukakhala ndi mipata, mlonda amafika pa kusankha pakati pa zoipa ziwiri. Ici ndico cifukwa cake anamanga zombo zoperekeza zambirimbiri, zochipa ndi zosakongola, mothamanga cotero. Njira imeneyi ya Mombasa ndi Colombo ndi yomwe asilikali a ku East Africa ndi a kuno anali kudzera popita ku Burma, kumene mu 1944 anatsika cigwa ca Kabaw m'mvula ndi m'matope mpaka kufika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin. Aliyense wa iwo amene anabwerera kumudzi, n'kukwatira, n'kubala makolo a ena a ife, anaoloka nyanjayo kawiri.

Maina amene sanalembedwe pa citsulo

Ife amene tiri m'zaka za m'ma 50 tinawapeza ena a madoda amenewa. Tikumbuka jekete lakale la khaki, mendulo zosungidwa m'kacitini, ndi mau a Ciswahili amene anali kutuluka akakwiya. Anali kusimba za madzi osamweka, za nsomba zouluka, za kugona atabvala zoyandamitsa, ndi za tizombo timene tinali kuzungulirazungulira combo cao usana ndi usiku. Ife pokhala ana tinali kuseka, kuyesa ngati ndi nthano za mkulu wokhuta mowa. Lero tikufuna kufunsa, koma ofunsidwa anapita.

Atsamunda analemba dzina la Nyasaland pa combo popanda kufunsa eni dziko, monganso anatengera anyamata ku nkhondo imene sinayambire pa mudzi pao. Combo cimeneco tidziwa tsiku limene cinayamba kumangidwa, tsiku limene cinalowa m'madzi, ndi caka cimene cinagulitsidwa. Nanga mwana wa kwa Mnkhanya kapena wa kwa Msoro amene anapita ku Burma, ndani adziwa caka cimene anacoka pamudzi, gulu limene analimo, ndiponso ngati anabwerera kapena anatsala komweko? Citsulo cinasungiridwa mbiri kuposa munthu.

Caka ciriconse mu November akuluakulu a boma amasonkhana pa cipilala ca cikumbutso ku Lusaka kuika nkhata za maluwa. Izo n'zabwino, koma Lusaka iri kutali, ndipo maluwa sachula dzina la munthu. Pempho lathu kwa inu, abale ndi alongo, n'losafuna ndalama. Mukatha kukolola ndi kugulitsa thonje, khalani pansi ndi agogo acikazi amene akali moyo, pakuti iwo ndiwo anasunga nkhanizi. Afunseni kuti m'banja mwanu anapita ku nkhondo ndani. Mwana wa sukulu alembe m'kope dzina lake, mudzi, mfumu, ndi kumene anafika. Ngati pali mendulo kapena kabuku ka usilikali, musagulitse kwa odutsa, ndipo mucisunge kutali ndi ciswe. Nthawi zambiri pamakhala nambala imene ingathandize adzukulu kufufuza. Kope limodzi likhale m'banja, lina mupereke kwa anyakwawa kapena kwa aphunzitsi aakulu a sukulu yanu.

Woperekeza samuyeza ndi adani amene wapha koma ndi anthu amene wawafikitsa. Zombo zija zinafikitsa makolo athu ku gombe, ndipo pamenepo nchito yao inatha. Mtunda wotsala, wofikitsa maina ao kwa adzukulu, watsalira ife.